Ndakatulo Yomwe Inatulutsa Jekete la a Bernado Panja

A Bernado a ku Malomo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, koma mukawafunsa ntchito yawo ankayankha mosaphethira kuti ndi mlakatuli. Matendawa anawatengera kusukulu ya mishoni, kumene mphunzitsi wina anawauza kuti alakatuli otchuka amafanizira mkazi ndi mwezi kapena duwa. Kufanizirako anakukonda, koma mwezi anauona kuti ndi wa anthu opanda chochita. Iwo ankafuna zinthu zogwirika ndi manja.

Matipate atabwera aliyense pakamwa panatseguka, ndipo pa a Bernado sipanatsekekenso. Ukwati uliwonse, kuyambira ku Malomo mpaka ku Kasakula, ankaimirira osaitanidwa. Mkwati wina anamva kuti ndi wolimba ngati tcheni chatsopano. Apongozi ena anauzidwa kuti ndi ofatsa ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo anafufuma mpaka Khirisimasi.

Tsoka linawapeza pa ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo. Thobwa litawalowa, anati mkwatibwi ndi wosalala ngati fodya wa giredi yoyamba, "osati wobwezedwa ku okushoni amene enafe tikusunga kunyumba." Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi. Akazi awo, a Susana, mayi a Thoko, anali pomwepo akugawa thobwalo, ndipo sanaseke.

Tsono a Bernado anali mkamwini, nyumba inali kwa akazi. Pobwerera anapeza pampu, masipanala ndi jekete lawo la maukwati zili panja. Kunena zoona, bamboyu anachita mantha, pakuti akazi awowo ankawakonda zedi, kungoti pakamwa pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Ankhoswe awo, a Gideoni, amene analinso akulu awo, anagamula mwachidule: pakamwa pomwe panaononga pakonzenso. M'mawa mwake a Bernado anagwada pakhonde, abale a mkazi atakhala pamphasa, n'kuyamba ndi zakusukulu zija.

"Mayi a Thoko, inu muli ngati mwezi."

"Wotuluka usiku wokhawokha? Mukundinena chiyani pamaso pa abale anga?"

"Ayi, ndimati ngati duwa."

"Lomwe mbuzi zimadya."

Anayesa chitsime, a Susana anafunsa ngati iwo ndi otungidwa ndi mudzi wonse. Anayesa chishalo cha njinga, mlamu wawo anadzuka kukafuna ndodo. Thukuta linatsika. Mlakatuli wa maukwati onse aja anayang'ana uku ndi uku, chofanizira osachipeza, mpaka anangoti ndi mawu aang'ono:

"Mayi a Thoko, ndinakuchititsani manyazi pagulu. Ine kopita ndilibe, ndipo ngakhale kukanakhalapo sindikanapita."

A Gideoni, amene anazolowera kuti mawu a mphwawo satha choncho, anawanong'oneza mokweza: "Ngati chiyani?"

"Musawayambitse, alamu," anatero a Susana, akutola jekete lija ndi kulikutumula fumbi.