Akazi Ofiira a m'Nyumba ya a Conrad

Ku Etobicoke kunamveka mphekesera yoti a Conrad, mzungu wokalamba wa ku Hamilton, amajambula antchito awo ndi magazi, ndipo wojambulidwayo sachedwa kusowa. Mwina nzabodza. Koma nanga Bupe, amene ankawasesera m'nyumba, anapita kuti?

A Mathilda Tembo a ku Chipata anaimva nkhaniyi atayamba kale ntchito m'nyumbamo. Mayiwa si amantha. Mwana wawo Chipo anamulera okha mpaka kumufikitsa kukoleji ku Oshawa, ndipo nyumba zimene akolopa kuno ku Canada simungaziwerenge. Koma Lachiwiri lina, akupukuta fumbi, anavundukula mulu wa mapepala patebulo. Mayo! Akazi okhaokha, ofiira ngati magazi ouma. Wina wasenza mtsuko, wina akusesa, wina wagona pampando manja ali lende. Onsewo antchito.

"Ndondocha," anatero chamumtima. Potembenuka, a Conrad ali pakhomo, zala zili psuu!

"Mathilda, imani pomwepo ndi tsachelo. Ndikujambuleni."

Kuthawa akanathawa, koma nsapato anali atavula pakhomo monga timachitira kuno, ndipo panja panali chisanu chodula zala. Anaima pomwepo. Kwe, kwe, kwe, kamtengo kofiira papepala. Anayamba Salimo 23, nkuthera mu 91. Ankamva ndithu magazi akuchepa m'thupi. Nanga Chipo adzamuuza ndani?

Tsache linagwa, iwo nkugwada.

"Bambo, chonde, ndili ndi mwana. Musandisowetse ngati enawa."

"Enawa ati?"

Analoza mapepala, nkhope atayang'ana kumbali. Mkuluyo anawapatsira kamtengo kaja.

"Gwirani."

"Ayi, bambo!"

"Gwirani, mayi."

Anakagwira ndi zala ziwiri ngati chinkhanira. Kouma. Kofumbutuka. Ananunkhiza. A Mathilda, munthu woti anaphunzitsapo ana ku Katete zaka khumi ndi zitatu, osazindikira choko!

A Conrad anatsegula chibuku chachikulu, ndipo akazi onse aja anali momwemo. Anali antchito a m'nyumba za ku Italy, anajambulidwa zaka mazana asanu zapitazo ndi choko chofiira, ndipo mkuluyu, mphunzitsi wa zojambula wopuma pantchito, amangowakopera. Atamva za mphekesera ija, anaimba foni, Bupe nkuyankha ali kuntchito yake yatsopano kuchipatala.

Magazi panalibe, ndipo palibe anasowa.