Anandisiya pa Chilumba ndi Apongozi Ake

Ena mwa inu munena kuti ndi nkhani ya m'maluwa, kuti mayi wosoka fodya ku Kabudula angakafike bwanji pa sitima yapamadzi ya azungu, koma pali Mulungu, izi zinandionekera ine ndemwe zaka zingapo zapitazo.

Ndili ndi mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono, yemwe anakwatiwa ndi mzungu n'kupita kunja. Ameneyu ndinamubereka kumbuyo ine ali kakhanda. Tsiku lina anaimba foni kuti achemwali mwavutika mokwana, tiyeni mukapumeko panyanja, mungotithandizako pang'ono kuyang'anira apongozi anga. Anakonza pasipoti ndi zonse. Mukanakhala inu mukanakana?

Pang'ono pakepo, ha! Agogowo anali oyenda pa chikuku, mutu unasokonekera ndi ukalamba, ngakhale mwana wawo ankamuiwala. M'sitimamo ankakuwa mpaka anthu anayamba kudandaula. Kuwasambitsa ine, kuwadyetsa ine, matewera ine, eni ake ali kosambira.

Tsiku lachinayi sitima inaima pa chilumba china cha nyanja ya Mediteraniyani, chokhala ndi malinga a miyala ndi matchalitchi akalekale, tinjira take topanikizana moti ngolo singadutse. Kunena zoona kunali kokoma. Mng'ono wanga anatikhazika pamthunzi pafupi ndi kasupe, anandigulira ayisikirimu, n'kupachika chikwama chachikulu kuseri kwa chikuku. Anati tidikire pompo, iye ndi mwamuna wake akukaona tchalitchi, abwera posachedwa. Ndinavula nsapato, kamphepo kakuwomba, agogo akusinza, ine mumtima ndikuti komatu mwanayu wandikumbuka.

Kenaka sitima inaliza hutala. Tsono pano musandiseke. Kwathu minibasi ya pa Nsaru imaliza hutala kuyambira m'mawa koma osanyamuka, ndi kuitanira chabe, ndipo munthu ukasiya katundu pampando kondakitala amachita kukusaka. Ndinaganiza kuti katundu wathu ali m'katimo, angatisiye bwanji? Inalizanso, ine phee. Nditadzuka kukasuzumira pamwamba pa linga ndinaona chisitima chija chili pakati pa madzi, chikupita.

Mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Agogo anadzidzimuka, atandiyang'ana anayamba kukuwa kuti sakundidziwa, ndikufuna kuwaba. Anthu anatizungulira, ena akujambula pa foni, ine Chizungu changa cha sitandade seveni chinathawiratu. Apolisi awiri anabwera n'kundigwira mkono, akufunsa kuti ndine ndani, mayiwa ndawatenga kuti. Ndinagwada pansi ngati ndili pamaso pa apongozi, ndikungolira, ndikuona kuti basi ndikafera kundende ya kuno, ana anga osadziwa ngakhale manda anga.

Wapolisi wamkazi ndiye anatsegula chikwama chija. Abale inu! Munali mapasipoti athu awiri, mankhwala a agogo a sabata yathunthu, matewera, pepala la hotela lolembedwa dzina langa, ndi zitenje zanga zitatu zopindidwa bwinobwino. Apolisi anandisiya mkono, koma ine m'pamene ndinalira zenizeni. Munthu anakhala pansi n'kupinda zovala zanga, kenaka n'kundigulira ayisikirimu akundisekerera.

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi m'hotelamo ndi nkhalamba yosandidziwa, yomwe tsiku lina inakomoka m'bafa ndili ndekha, wopanda womuitana. Eni ake aja atamaliza ulendo wawo anabwera pa ndege kudzatitenga. Mng'ono wanga sanapepese ayi. Anati a m'sitima anawauza kuti agogo atsike, ndiye iwo akanataya ulendo wonse chifukwa chiyani, poti achemwali ndinu olimba, mukanauzidwa mukanakana. Kumudzi anakafalitsa kuti ndinasochera ndekha chifukwa cha uchimidzi, ndipo anthu amandiseka nazo pa chitsime mpaka lero.

Kale ndinkati magazi salakwa, mbale wako sangakuponye. Pano ndimakhulupirira kuti sanandiitane ngati mkulu wake, anandiona ngati bulu wosenza katundu amene safunsidwa. Ndiye inu amene achibale akunja akukuitanani kuti mukapume, pitani, sindikukuletsani, koma funsani kuti ntchito yake ndi yotani, pasipoti muisunge pathupi panu, ndipo chikwama chimene wina wakulongedzerani muchitsegule iye ali pomwepo. Ine mwana amene ndinamubereka uja, akabwera kumudzi, ndimamupatsa moni wa mlendo.