Kamfa M'chikuta

Linali Lachitatu pa 12 Juni 1991, cha m'ma 4 koloko madzulo, pamene amayi aakulu anatsegula sutikesi yachitsulo ya amayi. Munatuluka fungo lozizira, lolasa m'mphuno, ngati la m'sitolo ya nsalu ku Boma. Pansi pa zovala panali timibulu toyera, tosalala ngati maswiti, timene kwathu tinkati kamfa. Amayi ankatiika m'menemo kuti njenjete ndi mphemvu zisadye bulangete lawo la paukwati. Tsiku limenelo bulangetelo linatuluka, chifukwa amayi anali atangobereka mwana wamwamuna, ndipo chisanu cha kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, sichimvera khanda chisoni.

Amayi ndi khandalo analowa m'chikuta. Mwambo wake unali wakuti asatuluke m'nyumba kufikira mchombo utagwa, ndipo munthu aliyense wapabanja, amene akuluakulu ankati ndi wotentha, asalowemo. Abambo anasamukira m'khitchini. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anali amasiye, choncho ndiwo ankalamula m'katimo. Ine ndinali ndi zaka khumi, wozizira, ndipo popeza pakhomo pathu panalibe mtsikana, anandilowetsa kuti ndizisonkha moto ndi kutumidwa. Kusukulu ndinasiya kupita.

M'nyumbamo munali mdima ngakhale masana. Zenera analitseka ndi chiguduli, pansi pa chitseko anaikapo sanza, ndipo mbaula ya makala sinkazima. Matewera ankauma pachingwe pamwamba pa mitu yathu. Kunja ndinkamva anzanga akuimba mluzu popita kusukulu, ndi makasu a anthu okumba mbatata ya kachewere kudimba. Ndikatuluka kukataya madzi ndinkapeza chifunga chitaphimba mitengo ya paini, ndipo ndisanapume kawiri amayi aakulu ankakhala ataitana kale.

Mphemvu zinkabwera kutsata fungo la mkaka. Amayi aakulu anandipatsa ntchito yozithamangitsa. "Imodzi yokha ikangoyenda pankhope ya mwanayu, iwe Felikisi, ndikudula khutu," anatero. Ndinaganiza za kamfa uja. Lachinayi, amayi akusamba kuseri kwa nsalu ndipo amayi aakulu atanyamula mwana, ndinatenga timibulu tisanu, ndinatiphwanya ndi botolo, n'kuwaza ufawo pansi pa mphasa imene amayi ndi khanda ankagonapo. Tinanso titatu ndinatilowetsa m'mapindiro a bulangete. Mphemvu zinathawa zonse. Amayi aakulu anaseka n'kunena kuti kamnyamataka kali ndi diso loopsa, ndipo ine ndinanyada chamumtima. M'mawa uliwonse ankamusambitsa mwanayo, kumudzoza mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira, n'kumukulunga m'bulangete muja pafupi ndi mbaula, mphuno yokha ikuoneka.

Loweruka maso a mwana anasanduka achikasu. Lamulungu anasiya kuyamwa bwino, kulira kwake kunakhala kosongoka ngati kwa kamphaka, ndipo thewera lake linada ngati wathirapo tiyi. Amayi aakulu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita pachitseko n'kulankhula ndi abambo osatsegula.

"Alamu, nenani zoona. Munalowa muno?"

"Sindinapondemo, alamu," anayankha abambo ali panja. "Tiyeni naye kuchipatala."

"Mchombo usanagwe? Mwamusempha mwanayu, ndiye mukufuna mukamumalizire panjira?"

Abambo anali mkamwini. Nyumba, munda ndi ana, zonse zinali za kuchikazi. Ndinawaona pamng'alu wa chitseko ataima m'chifunga, manja ali m'khwapa, kenaka anabwerera kukhitchini pang'onopang'ono.

Madzulo ake, pokonza bulangete, ndinafufuza timibulu tanga. Tinali titachepa, m'mbali mwake mutadyeka. Ndinaganiza kuti mwanayo wakhala akutinyambita ife osaona, ndipo ndi ine ndamudyetsa poizoni. Ndinatibisa m'thumba la kabudula. Koma ufa wa pansi pa mphasa sindikanatha kuuchotsa, chifukwa tsopano amayi sankadzukanso pamenepo. Ndinakhala pakona ndikuyang'ana mphasayo. Zimene ndinachitazo sindinaulule. Ndinkaopa amayi aakulu, koma panalinso china chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero: mlandu unali utapeza kale mwini wake, ndipo mwiniyo sanali ine.

Lolemba masana mwana anayamba kupindikira kumbuyo ngati uta. Amayi, amene masiku onsewo ankangomvera, anadzuka, anamanga chitenje, n'kumunyamula. Amayi aakulu anatsekereza pakhomo.

"Achemwali, patukani," anatero amayi. "Akafera panjira, ndidzalira ine."

Chitseko chitatseguka, kuwala kunandipweteka m'maso. Abambo anawakweza panjinga mpaka kumsewu waukulu, kumene anakwera galimoto ya matola yopita ku Boma. Ine ndinatsala ndi amayi aakulu, amene anakhala pamphasa pomwepo tsiku lonse osadya, akupemphera kolona.

Abambo anabwera okha Lachiwiri dzuwa likulowa, bulangete litamangidwa kumbuyo kwa njinga. Anati adokotala atangomuvundukula mwanayo ananunkhiza bulangetelo n'kulamula kuti lituluke panja, chifukwa kamfa amawononga magazi a ana ena. Mwanayo anamuika magazi, ndipo akhala moyo. Amayi aakulu anapukusa mutu. "Fungo n'kudwalitsa munthu? Tonsefe zovala zathu zili mu kamfa. Alamu, pezani bodza lina." Abambo anamasula bulangetelo panjinga n'kulowa nalo m'khitchini.

Mng'ono wangayo anakhaladi moyo. Anamutcha Limbani. Atakwanitsa zaka ziwiri tinazindikira kuti samva, ndipo lero ndi kalipentala ku Boma, timalankhulana ndi manja. Pamudzi nkhani inatsala yakuti abambo anasempha mwana wawo, ndipo anapita nayo kumanda osadziteteza.

Ndili Fomu 4, aphunzitsi a sayansi anajambula pabolodi mphete ziwiri za ngodya zisanu ndi imodzi, zogwirana mbali imodzi, n'kunena kuti dzina lake ndi nafitalini, ndiye timibulu ta m'masutikesi. Anati sasungunuka m'madzi, koma m'mafuta. Anatinso amachoka pa chinthu cholimba n'kusanduka mpweya osayamba wakhala madzi, ndipo pakatentha, kapena ukamupera, amauluka msanga. Anzanga ankalemba. Ine ndinaika cholembera pansi. Limbani sananyambite kanthu. Anapuma mpweyawo masiku asanu m'nyumba yotsekedwa, ndipo mafuta a nsatsi anaulowetsa pakhungu. Patapita zaka, mnzanga wina wogwira ntchito zachipatala anandiuza kuti ana ena, makamaka aamuna, amabadwa ndi magazi osapirira mankhwalawa, ndipo bulangete lokhalo likanatha kumudwalitsa. Likanatha. Koma ufa ndinawaza ndi ine, ndipo palibe amene angandiyezere gawo langa.

Zonsezi pa nthawiyo sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti pansi pa mphasa pali umboni. Lachitatu m'mawa, abambo atabwera dzulo lake kuchokera kuchipatala, amayi aakulu atapita kukatunga madzi, ndinapinda mphasayo. Ufa unali utachepa kwambiri, koma unalipo, utakanirira m'ming'alu ya dothi. Ndinaukokolola ndi manja n'kuuika pachivundikiro cha chitini pamodzi ndi timibulu ta m'thumba, ndipo ndinathamanga kukataya m'chimbudzi. Potuluka ndinapeza abambo ataima pakhomo pa khitchini. Anayang'ana chivundikirocho, anayang'ana zala zanga zoyera ndi ufa, kenaka anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Kasambe," anatero. "Uchedwa kusukulu."