Dothi la ku Namuli

Okondedwa Achimwene,

Ndalemba kalatayi pofuna kuulula kulakwa kwanga pa ulendo wa ku Gurue, m'dziko la Mozambique, umene ife a ku fakitale ya tiyi tinakonzera a Namaona, kapitawo wathu, kuti atsanzikane ndi umbeta.

Ulendowo unakoma kwabasi! Tinaona ndi maso athu phiri la Namuli, kumene makolo athu anachokera. Tinaonanso minda ya tiyi, mpaka a Namaona anafuula kuti, "Amwene, tawoloka malire kudzaona ntchito?" Kenaka tinalowa m'bala dzuwa lili paliwombo, ndipo ine, amene ndimamwa pa Khirisimasi pokha, ndinakwera pabenchi n'kutsogolera eni dziko nyimbo za Chilomwe.

Monga mukudziwa, abambo anandipatsa chitini kuti ndikawatapire dothi la kwawoko. Ndili ndi chisoni kukudziwitsani kuti chitinicho ndinachikumbukira pobwerera, titawoloka kale malire n'kudutsa pa Luchenza. Ndinaimitsa minibasi ngati ndikukataya madzi, ndipo ndinatapa dothi kuseri kwa nthochi za munthu wina.

Abambo analinunkhiza, misozi ili mbwembwembwe. "Mwanawe," anatero, "lofiira chonchi kuno simungalipeze." Ine ndinavomereza ndi mutu. Tsopano alamula kuti tsiku lawo likadzakwana, tidzalithire m'manda mwawo.

Choncho pempho langa ndi lakuti mupeze mkazi mwamsanga, kuti tipitenso pa ulendo wanu wotsanzikana ndi umbeta. Chitini china ndachikonza kale, ndipo ulendo uno ndikayambira kuphiri.

Ine mng'ono wanu wamanyazi,
Fulaisoni