Dzino limene aZuze anadikira

Ndikakumbukira aZuze, ndimamva fungo la fodya wopichira m'khoko la chimanga ndi la manja omwe aswa mtedza tsiku lonse. Anali oyandikana nafe ku Zemba, anachoka ku Mozambique pothawa nkhondo, ndipo ana a m'mudzi dzino likayamba kugwedera tinkathamangira kwa iwo. Ankamanga ulusi n'kukupatsa nsonga kuti ukoke wekha. “Mwini dzino ndiwe, ine ndingoonerera,” ankatero. Mwana wamantha ankamulola kupita kwawo ulusi uli lendelende, abwere mawa.

Ndili giredi 3 dzino lotafunira lakumbuyo linabooka n'kuyamba kuwawa. Amayi anafuna kupita nane kuchipatala, koma inali nthawi yokumba mtedza. AZuze anandisuzumira m'kamwa nati, “Musavutike mayi. Mano aubwana awa, ligwa lokha, lina limera.” Aliyense m'mudzi ankadziwa choncho, nanga akanatsutsa ndani?

Silinagwe. Tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka. AZuze anasiya mtedza wawo pamunda, anandikweza panjinga n'kupalasa mpaka ku Chadiza, ine nditatsamira msana wawo wonyowa thukuta. Kumeneko analizula. Adokotala anati dzinolo limamera mwana ali wamng'ono popanda kugwetsa linzake, koma ndi lachikulu, lina silibweranso. Pobwerera aZuze anangondigulira nthochi zakupsa.

Iwo sanavomere kuti lina silimera. Ndikamadutsa ndi ndowa pamutu ankandiimitsa. “Tisa, yasamula tione. Lamera?” Ndinkayasamula, iwo n'kupukusa mutu: “Likubwera, ndi laulesi ngati mwini wake.” Ndinafika kusekondale akufunsabe. Ndinkaseka, osadziwa kuti nkhalambayo inkadziimba mlandu.

Tsopano ndikuphunzira udokotala wa mano. Anzanga ambiri akufuna kukatsegula zipatala zawo m'tauni, ndipo ndikanena kuti ndidzapitiriza maphunziro a mano a ana amandiseka, ati ana amaluma zala. Amalumadi, ine andiluma kale.

Patchuthi chapitachi ndinawapeza aZuze pakhonde, maso achita khungu. Ndinawauza zimene ndasankha. Iwo anati, “Mwanawe, dzino lako ndinakudyera ndine.” Mtima unandiwawa. Ndinawauza kuti linali litaola kale, ndipo kuti ngakhale makolo a m'tauni amalakwitsa chimodzimodzi, koma si onse amene amasiya munda wawo chifukwa cha mwana wa mnzawo.

Anaitana zidzukulu zawo zimene zinkasewera pabwalo, n'kuziuza kuti zikhale pamphasa.

“Maso anga anatha,” anatero. “Taona m'kamwamo, undiuze zoona, ngakhale zowawa.”

Ndinasamba m'manja. Wamng'ono pa onsewo anali ndi kadontho kakuda pa dzino lomwe lija, kakadali kakang'ono koti n'kumata. M'mawa mwake ndinamukweza panjinga ya aZuze kupita naye kuchipatala ku Chadiza, ndipo ameneyo dzino lake analisunga.