Msomali mu fyuluta

Inu amene zinthu zakuvutani ndipo anthu akukusekani, imvani za mayi wina amene anzake a padoko anamupatsa dzina loti Ndikokeni.

Dzinalo analipeza pa tsiku loipa. Mwamuna wake anali atangomwalira kumene, n'kumusiyira ana ndi boti lowolotsa anthu, la injini ya dizilo. Chiwongolero ankachidziwa, poti ankathandiza malemuwo, koma injini anali asanaikhudzepo. Ulendo wina boti litadzaza amayi a malonda komanso mwana wodwala amene ankapita naye kuchipatala, injini inakhosomola pakati pa madzi, inalavula utsi wakuda, n'kuzima. Anayesa kuiliza mpaka batire inatha. Madzi anayamba kulitenga botilo cham'mbali, anthu akumutukwana ndi mawu osayenera kulembedwa. Mapeto ake anaimirira kutsogolo kwa boti akukupiza nsalu, kupempha maboti ena kuti amukoke.

Anamukokadi, koma atamuseka kaye. Mwana wodwalayo anapulumuka mwamwayi chabe.

Tcheyamani wa padoko anamuchotsa pamzere wonyamula anthu. Anati adzabwerera pokhapokha iye mwini tcheyamaniyo atakwera botilo n'kuona kuti lawoloka ndi kubwerako bwinobwino. Mlamu wa mayiyo, mkulu wake wa malemu, sanachedwe. Anaitanitsa abale n'kuwauza kuti injini si mphika woti mkazi n'kumatakasa. Tcheyamani akalikana botilo, ligulitsidwe, ndipo ana agawidwe kwa abale. Wogula anali atamupeza kale, maliro asanazizire n'komwe.

Mayiyo anaitana makaniko amene mwamuna wake ankamudalira. Anthu ankamutcha Pompano, chifukwa yankho lake pa vuto lililonse linali loti injini ilira pompano. Iye anamasula fyuluta, kachitini kosefa dizilo asanalowe mu injini, n'kuipeza yotsekeka ndi zinyalala. Anapisa m'thumba, anatulutsa msomali, n'kuyamba kuukhomera mkati mwa fyulutayo ndi sipanala. Anafotokoza kuti padoko ponse amatero: fyuluta ikatsekeka amaiboola kuti dizilo apeze njira. Ya botili anali ataiboolapo kambirimbiri malemu ali moyo.

"Nanga zinyalala zimene imasefazo zimapita kuti?" anafunsa mayiyo.

"Mayi, mafunso ngati a kukhoti bwanji? Injini ikalira, yalira."

Aliyense amene anasefapo ufa akudziwa chimene sefa yobooka imachita. Mayiyo anazindikira pomwepo kuti mchenga ndi dzimbiri zonse zinkalowa m'kati mwa injini, kumaidya pang'onopang'ono, pamene mwamuna wake ankathokoza Pompano ndi manja awiri.

Si bwino kufulumira kuweruza. Pompano sanali mfiti. Eni maboti ankamuimirira pamutu, okwera akudikira, ndipo fyuluta yatsopano inkagulidwa kutali. Koma chokwiyitsa n'chakuti anthu onsewo ankadziwa, ndipo m'mawa uliwonse ankakweza ana a anthu m'maboti oterowo osachita manyazi. Tsiku limene boti la mkazi wamasiye linazima, palibe anatchula msomali. Anatchula mkazi.

Mayiyo analanda fyuluta ija m'manja mwa Pompano n'kumuuza kuti atsike m'boti mwake.

Kuseri kwa msika kunali mdala wina wokonza injini za mathirakitala, wouma pakamwa. Mayiyo anamupempha kuti asamukonzere injini, koma amuphunzitse. Mdalayo anati alibe nthawi yolera akuluakulu. Mayiyo anabweranso m'mawa mwake, anatenga beseni, n'kuyamba kutsuka zitsulo zimene zinaunjikidwa pakona. Anabwerabe mawa linzakelo. Mdalayo atatopa ndi kumuthamangitsa, anamuponyera sipanala n'kumuuza kuti akachotse thanki ya botilo.

Pansi pa thankiyo anapeza matope, dzimbiri ndi madzi, poti dizilo wa padoko ankasungidwa m'migolo yosatseka ngakhale nthawi ya mvula. Manozo, timabowo topopera dizilo m'kati mwa injini, anali atadyeka. Mayiyo anagulitsa makina ake osokera kuti apeze manozo ena. Mdalayo anamuchenjeza kuti thanki yakale siyera tsiku limodzi, dzimbiri lizigwabe, choncho asamayende opanda fyuluta ina yosungira.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi otsetsereka. Tsiku lina anamanga zonse bwinobwino koma anasiya mpweya m'mapaipi a dizilo, injini n'kukana kulira. Tsiku lina inalira, iye n'kusangalala mpaka kuiwala kutsegula mpopi wa madzi oziziritsa injini. Kagudumu ka labala ka m'pampu ya madziwo kanapsa, fungo lake n'kudzaza doko lonse. Anyamata a maboti anagwira m'mimba ndi kuseka, akumufunsa ngati abweretseretu chingwe chomukokera. Mdala uja anamuuza kuti ngakhale mbuzi ikanakumbukira mpopiwo.

Anapita kunyumba manja ali zilonda, anaphikira ana. Anagona ndi mkwiyo wake. M'mawa anali m'boti. Anazolowera kusiya dizilo kuti adikhe asanamuthire, kumusefa pansalu yoyera, kuyeza oyilo, kugwira lamba wa injini kuti aone ngati wakhwepa, ndi kusuzumira kumbuyo kwa boti kuti aone ngati madzi oziziritsa akutuluka.

Tsiku loyesa litafika, tcheyamani anakwera. Mlamu uja anakweranso, akuti kudzakhala mboni, pamodzi ndi eni maboti angapo ofuna kudzaonera. Popita zinayenda. Pobwerera mphepo inadzuka, mafunde anagwedeza thanki, dzimbiri linavunduka. Injini inayamba kutsika mawu ngati munthu wobanika. Mayiyo anaizimitsa yekha n'kuponya nangula.

Mlamu anayamba kufotokozera tcheyamani mokweza kuti iye ananena kale. Mayiyo anagwada pa injini n'kumasula fyuluta. Inali yotsekeka. Mwini boti wina, amene anamumvera chisoni zenizeni, anasendera pafupi n'kumufumbatitsa msomali.

"Boolani, mlongo, mufike kumtunda. Tcheyamani akuyang'ana kumbali."

Akanatero, injini ikanalira nthawi yomweyo, poti fyuluta yakaleyo inali yodzaza kale ndi dizilo. Kuika yatsopano kunkafuna kupopa kuti mpweya utuluke m'mapaipi, ntchito yochedwa, boti likuvina, anthu akuyang'ana.

"Zikomo achimwene. Mukakhomere denga lanu."

Anaika fyuluta yatsopano. Anamasula kabawuti kotulutsira mpweya n'kuyamba kupopa ndi chala, thovu likutuluka, dizilo akutsikira m'zilonda za m'manja. Anayesa kuliza injini, inakana. Wina anaseka. Mlamu anafunsa ngati agona pamadzi pompo.

"Alamu, ngati mwachedwa, madzi ndi awo. Sambirani."

Mayiyo anawerama pa injini. Anapopanso mpaka dizilo anatuluka woyera wopanda thovu, anamanga kabawuti kaja, n'kuliza. Injini inagwira. Anasuzumira kumbuyo, anaona madzi akutuluka, anazula nangula.

Atafika padoko, tcheyamani anatsika pang'onopang'ono, poti anali munthu wonenepa. Anati pa zaka zonse zimene wakhala pamadzi sanaonepo injini yosazima, chimene ankafuna kuona n'chimene mwini wake amachita ikazima. Anamuuza kuti mawa akhale pamzere. Mlamu anachoka osatsanzika, ndipo nkhani yogulitsa boti ndi kugawa ana inathera pomwepo.

Lero ana ake akukula pakhomo pa mayi wawo. Botilo likuyendabe. Limavuta, monga injini iliyonse ya pamadzi imavutira, koma mwini wake amaimva isanadwale. Amayi oyembekezera ndi okalamba amalolera kudikira kuti akwere lake. Amene anamuseka sanapepese, ndipo iye sanaiwale.

Inunso mwina akunyozani pa cholakwa chimene anachita ndi ena. Kwiyani, n'koyenera. Koma mkwiyo wongokhala nawo pakhonde umadya mwini wake. Unyamuleni mupite nawo kumene kuli ntchito, mulolere kukalipiridwa ndi wodziwa, mulakwitse, mudzukenso m'mawa. Mtima wanu musautaye, ndi umene mudzagwirire sipanala.