Zitsulo zomwe ndinkathirira madzi

Dzulo pa Namadzi panadutsa lole itanyamula zitsulo za mlatho. Fungo la penti wake wofiira linandibwezera kwathu ku Mpama.

Ndili kamtsikana, zitsulo zotere anazitula m'mbali mwa mtsinje wathu, akuti zabwera pa sitima kuchokera kunja. Zinakhalitsa mpaka anthu anayamba kuyanikapo makaka a chinangwa. Ine ndinkayesa kuti mlatho umaphuka ngati mitengo ya chinangwa, ndiye ndikapita kotunga madzi ndinkazithirira ndi kachitini.

Chaka china mtsinje unadzaza masiku atatu, amayi anga ali ndi pakati potopa. Chipatala cha mishoni chinali kutsidya, denga lake tikuliona. Abambo anawakhazika pazitsulo paja, njinga itagona pambali.

"Ababa, mlathowu uphuka liti? Inetu ndimathirira."

"Khala chete, mwanawe," anatero, maso ali pamadzi.

Azimayi anatchinga ndi zitenje. Mwana anabadwira pomwepo, koma sanalire.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu kuti madzi anga ankachepa. Ndinamva nditakula kuti bokosi la mabawuti linatsalira kudoko, ndipo palibe analilondola.